Galimoto Yogwada ya ku Mvurwi

Anaipeza itagwada pansi pa mtengo wa jakaranda, kuseri kwa nyumba yaikulu ya pafamu ina kufupi ndi Concession. Mimba yake inali itatsala pang'ono kukhudza dothi, matayala atalowa m'thupi ngati miyendo ya ng'ombe imene yakana goli ndi kudzigwetsa mumzere. Nkhuku zinkausa m'mbali mwake, pakuti kunsi kunalibe mpata woti ngakhale mwanapiye n'kulowa. Maluwa a jakaranda a zaka ziwiri anali atawolerana m'munsi mwa galasi lakutsogolo, koma zilembo za paboneti zinkawerengekabe bwinobwino: Range Rover. Munthu amene anaima pamenepo mu Julaye 2018, manja ali kumbuyo, chimene anadzera chinali mapaipi akale a m'balani amene anamva kuti akugulitsidwa motchipa. Madzulo anafika kwawo ku Mvurwi wopanda paipi ndi imodzi yomwe, ndipo nsima ya usiku umenewo anaidya ali duu.

Anthu a m'dera limenelo amamutchula kuti Achimwene. Si dzina lake, ndipo omutchula chotero si abale ake. M'kamwa mwa Mmalawi liwuli ndi laulemu, loitanira mbale wamwamuna. Likawoloka Zambezi ndi kulowa m'kamwa mwa olankhula Chishona limasanduka mphini ya mtundu, kotero kuti mwamuna aliyense wa magazi a ku Malawi ndi achimwene, kaya ndi khanda kaya ndi nkhalamba. Alipo mayina ena owawa kuposa apa: mabwidi, manyasarandi, ndiponso mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre, ngakhale kuti bambo ake a munthuyu mzinda wa Blantyre sanaupondemo. Pa mayina onsewa iye anasankha kuvomera lofewalo.

Bambo akewo anachoka m'mudzi wina wa kufupi ndi Linthipe, m'boma la Dedza, m'zaka za m'ma 1950, ali mnyamata wongoyamba kumene kufunsidwa msonkho. Analembedwa ndi Mthandizi, bungwe limene boma la Southern Rhodesia linakhazikitsa mu 1946 kuti lizisonkhanitsa antchito a m'mafamu kuchokera kumpoto. Anatsazika mayi awo kuti akagwira zaka ziwiri, akagula njinga ndi bulangete, n'kubwerako. Dera limene anafikira linkatchedwa Umvukwes masiku amenewo, dziko la dothi lamchenga loyanjana ndi fodya wa Virginia, makilomita pafupifupi 100 kumpoto kwa Salisbury. Njinga anaguladi. Kubwerera ndiye kunakanika. Zoë Groves, m'buku lake la 2020 lonena za maulendo a Amalawi opita ku Zimbabwe, akulondola anthu otere ndi dzina limene otsala kumudzi anawapatsa: matchona. Mneni wake uli ndi khalidwe lachilendo ndithu. Palibe amene amanena kuti "ndikutchona" kapena "nditchona chaka chamawa". Munthu amangomva ena akumunena kuti anatchona, ndipo tsiku limene zinachitika sangalitchule.

Anayamba ndi khasu, kenaka anaikidwa kugalaja monga wopatsira masipanala, ndipo pofika zaka za m'ma 1970 ndiwo anali makaniko wa famu yonse: mathirakitala a Massey Ferguson, pampu ya kudamu, chigayo, ndi Land Rover ya mzungu. Land Rover imeneyo anaidziwa zaka zoposa 20, makamaka kunsi kwake. Ankatha kumva ikutsika chitunda cha kusitolo ndi kunena kuti pulagi yachitatu yada. Koma pa ulendo malo awo anali kumbuyo, pamodzi ndi agalu ndi matumba a feteleza. Blair Rutherford, amene anafufuza moyo wa antchito a m'mafamu a ku Hurungwe, anaonetsa m'buku lake la 2001 kuti famu inali ngati kadziko pakokha, mwini wake ali boma, bwalo la milandu ndi tate pa nthawi imodzi. Za amene ayenera kukhala mpando wakutsogolo zinali m'gulu la malamulo osalembedwa a kadziko kameneko, ndipo malamulo osalembedwa ndiwo ankasungidwa koposa.

Kadzikoko kanagwa pakati pa 2000 ndi 2002, m'nyengo imene anthu amaitcha jambanja. Nkhani yake yalembedwa kwambiri, kawirikawiri monga mkangano wa mbali ziwiri: alimi achizungu ndi eni nthaka. Koma m'makomboni a mafamuwo munali antchito oposa 300,000, osawerengera akazi ndi ana, ndipo pakati pawo panali ana ndi zidzukulu zambiri za anthu ochokera ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Zambia. Pogawa minda ya A1 ndi A2, ochepa zedi mwa antchitowa ndiwo analandirako. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, aliyense amene akanatha kuwerengedwa nzika ya dziko lina anayenera kuukana unzikawo m'miyezi 6, apo ayi ataye wa Zimbabwe. Achimwene, amene anabadwira m'komboni ndipo Malawi ankangomuona pa mapu a kusukulu ya pafamu, anadzuka tsiku lina ali mlendo. M'zaka zomwezo Robert Mugabe ananyoza anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mutupo, mawu amene aliyense anadziwa kumene akuloza. Mkulu uja atawamva pa wayilesi anangofunsa kuti, "Nanga Phiri ndi chiyani?" Malamulo oyendetsera dziko a 2013 anabweza unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene makolo awo anachokera m'maiko a SADC. Chitupa chinabwera, koma minda inali itagawidwa kale zaka khumi m'mbuyomo.

Chimene chinawapulumutsa ndi fodya. Mu 2000 dziko linagulitsa makilogalamu pafupifupi 237 miliyoni. Mu 2008 sanafike n'komwe 50 miliyoni. Mu 2018 anapitirira 250 miliyoni, ndipo ambiri mwa olima anali alimi ang'onoang'ono okhala pa mafamu ogawidwa aja. Alimi atsopanowa anali ndi malo, koma fodya wa m'balani safuna malo okha. Amafuna munthu wodziwa kukhala maso masiku 7 akusonkhezera moto, kuyambira kutentha kwa madigiri 35 pamene tsamba likusanduka lachikasu mpaka cha m'ma 70 pamene mtsempha wake ukuuma, wodziwanso kununkhiza balani ndi kuzindikira kuti chinyezi chachuluka. Nzeru imeneyo inali m'komboni. Ian Scoones ndi anzake, amene achita kafukufuku ku Mvurwi komweko, alemba za moyo wopendekera wa antchito akalewa: mawa ganyu, mkuja kamunda kobwereka, nyumba ya mwini. Achimwene anayamba ndi kuwotchera ena fodya, kenaka anabwereka mahekitala awiri kwa mayi wina wamasiye wa munda wa A1, pa mgwirizano wapakamwa wowukonzanso chaka ndi chaka. Nyengo ziwiri zotsatana mvula inamukomera, ndipo mabelo ake anagulidwa bwino ku okushoni ku Harare.

Ndalamazo zinalowa ku banki, ndipo apa ndi pamene nkhani ya galimoto ikuyambira kwenikweni. Kuyambira Novembala 2016 boma linali litatulutsa mapepala a bond, n'kunena kuti ndi ofanana mphamvu ndi dola ya America. Pofika pakati pa 2018 aliyense wogula ndi kugulitsa ankadziwa kuti dola ya m'manja ndi dola ya m'buku la banki ndi nyama ziwiri zosiyana. Munthu amene anaona penshoni ya bambo ake ikusungunuka mu 2008, amene anagwirapo pepala la madola 100 thiriliyoni losakwanira ulendo wa basi, safunika katswiri womuuza kuti kunja kwayamba kununkha mvula. Mwini galimoto yogwada ija anali ndi ngongole, ndipo anavomera kulipidwa kudzera ku banki.

"Aphiri," anatero mkazi wake atamva, "mwagula galimoto kapena mwagula maliro a galimoto?"

"Anabanda, zili ku banki zija si ndalama. Kodi 2008 mwaiwala?"

"Sindinaiwale. Koma ng'ombe zilipo zogula. Malata alipo. Ng'ombe imaswa, Aphiri."

"Ng'ombeyo tikaidyetsa pa busa la yani? Malatawo tikhoma pa nyumba ya yani?"

Mayiyo sanayankhe, osati chifukwa chogonja koma chifukwa funsolo analidziwa kale. Nyumba ya m'komboni imene anaberekeramo ana awo onse si yawo. Tsiku lililonse angabwere munthu ndi kalata, n'kunena kuti malowo akuwafuna. Munthu wotere akapeza chuma amaganiza za chinthu chimene angathe kuchoka nacho. Mfundoyi ndi yomveka, koma ikadakhala yokhayo, Achimwene akadagula kalole ka Toyota kapena Isuzu, konyamula mabelo ndi nkhuni, kamene zipangizo zake zimapezeka pa Mvurwi pomwepo. Chimene sanauze mkazi wake ndi chakuti pa galimoto ija anaona kachizindikiro kozungulira ngati dzira, kolembedwa dzina limene bambo ake analitumikira chagada pa thumba la feteleza.

Inabwera pa ngolo yokokedwa ndi thirakitala, ana a m'komboni akuithamangira. Mkulu uja, amene zidzukulu zake zimamuitana kuti Sekuru chifukwa Chichewa zimangomva koma kuyankha zimayankha m'Chishona, anatuluka ndi ndodo yake, naizungulira kawiri. Anagogoda chitseko ndi chala. Anapempha kuti atsegule boneti, ndipo atayang'ana anakhala nthawi osanena kanthu, chifukwa injini sinkaoneka: inali itavindikiridwa ndi chipulasitiki.

"Iwe, Land Rover yake ili pati apa?"

Funsolo linali ndi yankho lalitali. Range Rover Sport inayamba kupangidwa mu 2005 ku Solihull, kufupi ndi Birmingham, kumene Land Rover yoyamba inatulukira mu 1948. Pa nthawiyo kampaniyo inali m'manja mwa Ford pamodzi ndi Jaguar, n'chifukwa chake injini ya mtundu umene Achimwene anagula ndi ya Jaguar: masilinda 8, malita 4.2, ndi supercharger pamwamba pake. Chipangizo chimenechi ndi mvukuto woyendetsedwa ndi lamba wochokera ku injini, umene umakankhira mpweya wochuluka m'masilinda kuti petulo wambiri apse nthawi imodzi. Zotsatira zake ndi mphamvu ya akavalo pafupifupi 390, yokankha thupi lolemera kuposa matani awiri ndi theka mpaka liwiro la makilomita 225 pa ola. Ili yatsopano ku Britain inkagulidwa mapaundi oposa 55,000. Iyi inakalamba kumeneko, n'kutsika pa doko la Walvis Bay monga amachitira magalimoto ambiri ochokera ku Britain, n'kudzathera pansi pa jakaranda. Mkuluyo anawerengera pa zala kuti akavalo amenewo ndi mathirakitala 8 a Massey Ferguson 135, ndipo anafunsa ngati pali pomangirira pulawo. Atauzidwa kuti kuyambira 2008 kampaniyo ndi ya Tata ya ku India, anaseka mpaka kutsokomola.

Kugwada kwake kunali ndi chifukwa chosavuta kufotokoza koma chodula kukonza. Galimotoyi siikhala pa masipuling'i achitsulo. Pa tayala lililonse pali thumba la labala lodzaza mpweya; kompuresa yamagetsi yomangidwa kunsi imapopa mpweyawo kudzera m'kachitini ka timikanda toyamwa chinyezi, n'kuusunga m'thanki; tizipangizo tina tili pa miyendo timayeza msinkhu wa galimoto ndi kuuza kompyuta, ndipo kompyuta imatsegula kapena kutseka mavavu. Labala akakalamba amachita ming'alu. Mpweya ukayamba kutuluka, kompuresa imagwira ntchito osapuma, imatentha, imatha mphamvu, ndipo m'mawa wina mwini wake amapeza galimoto ili pansi. Zaka ziwiri za dzuwa, fumbi ndi makoswe zinawonjezera pamenepo zawozawo.

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, Achimwene anaidziwa Harare ina imene okushoni inali isanamuonetse. Anayenda mu Kaguvi Street, m'mene anyamata amakuthamangira usanatsike n'komwe, aliyense akulumbira kuti chimene ukufuna ali nacho kuseri. Anafukula milu ya zitsulo ku Magaba, ku Mbare. Kawiri anagula chinthu chimene atafika nacho kunyumba chinapezeka kuti n'chakufa, ndipo wogulitsayo sanapezekenso. Ku Gazaland, ku Highfield, anapeza mnyamata wa laputopu amene atamva katchulidwe kake ka Chishona anamuyang'ana n'kufunsa chapansipansi kuti, "Ndinu a kumudzi?" Agogo ake a mnyamatayo anali Myao wa ku Mangochi amene anathera moyo wake ku migodi. Loweruka lina anakwera basi mpaka ku Mvurwi, nalumikiza chingwe kunsi kwa chiwongolero, ndipo galimoto inayamba kudandaula pa galasi la laputopu: mizere yoposa 20. Yambiri, anatero mnyamatayo, ndi mabodza a batire lakufa. Ina ndi mawaya amene makoswe adya. Itatu kapena inayi ndiyo matenda enieni.

Mkuluyo anaonerera zonsezi atakhala pa chitini cha oyilo, ndipo chimene chinamuvuta sichinali nzeru koma mawu. Chichewa chake cha kugalaja chili ngati dothi la m'mbali mwa mtsinje, loonetsa mizere ya zaka: sipanala, jeke, pisitoni, kabuleta, giyabokosi, dayinamo, mawu amene anafika ndi makina ake, ena kudzera m'Chilapalapa chimene mzungu ankalamulira nacho, n'kupatsidwa mavawelo mpaka kukhala pansi ngati eni mudzi. Mzere womaliza unaikidwa cha m'ma 1990. Sensor, module ndi fault code zinamupeza pakamwa patatsekeka, ndipo mnyamata wa laputopu ankazitchula m'Chingerezi chosasenda, pakati pa ziganizo za Chishona. Koma chilankhulo sichikhala manja lende. Pasanathe sabata mkuluyo anali atatembenukira ku thupi la munthu: matumba a mpweya anakhala mapapo, kompuresa mtima, mapaipi mitsempha, tizipangizo toyeza msinkhu akazitape. "Kazitape wa kumanzereyu akunama," ankatero, ndipo kawirikawiri ankalondola. Akatswiri okonza mawu atsopano m'maofesi akadaphunzirapo kanthu pa chitini cha oyilo chimenecho.

Panali njira ziwiri. Yoyamba inali kuchotsa mapapo onse ndi kuika masipuling'i achitsulo, amene amagulitsidwa okonzeratu ku South Africa. Galimoto imataya kufewa kwake ndi luso lokwera ndi kutsika, koma siidzagwadanso. Yachiwiri inali kugula matumba atsopano ndi kompuresa, pa mtengo woposa kawiri. Poyamba mkuluyo anali wa chitsulo. "Chitsulo chikatopa chimakuuza," ankatero. "Mpweya umachoka usiku osatsazika." Mwana wake, amene ndalama zinali zitayamba kumuthera, anavomera mosavuta.

Kenaka mu Okutobala anapita nawo ku Harare kukaonetsa maso, amene anali atayamba kuchita ng'ala, ndipo pobwerera anadzera ku Gazaland. Pamenepo panaima galimoto ya mtundu womwewo, yamoyo. Mwini wake anadina kabatani, ndipo galimoto yonse inatsika pang'onopang'ono, ikupuma ngati munthu, kuti mayi wina wokalamba amene anali naye akwere osavutika. Mnyamata wa laputopu anafotokoza kuti imatsika masentimita pafupifupi 5 ndipo ikayamba kuyenda imadzukanso yokha. M'basi mkuluyo sanalankhule mpaka kupitirira Mazowe. Atafika kunyumba, asanakhale n'komwe pansi, anati, "Tiika mpweya."

"Bambo, ndalama yake ndilibe."

"Sindinakufunse za ndalama."

Anagulitsa mbuzi zake zonse, ndiponso makina owotcherera zitsulo amene mzungu anamusiyira tsiku lochoka m'malo mwa malipiro a zaka 40. Chifukwa chimene anapereka chinali chaumakaniko: kompyuta imene inabadwa ndi mapapo, ukaichotsera, idzalira moyo wake wonse. Palibe amene anamutsutsa, ngakhale kuti mnyamata uja anali atanena kale kuti kulirako kuli ndi mankhwala ake.

Matumba anabwera pa basi kuchokera ku Johannesburg, n'kukalandiridwa ku Roadport. Kompuresa anaichotsa pa Discovery 3 yochita ngozi, pakuti magalimoto awiriwa anamangidwa pa chimango chimodzi. Timikanda toyamwa chinyezi tinali titakhuta madzi; mkuluyo anatiyala pa lata, nasonkha moto pang'ono m'balani, n'kutiumitsa usiku umodzi monga aumitsira mtsempha wa fodya. Ntchito yotsala inali ya sopo. Anasungunula sopo m'beseni, ndipo mdzukulu wamng'ono, amene yekha ankakwana kunsi, ankapaka thovu pa mfundo iliyonse ya paipi, agogo ake atagona chammbali, khutu lili tcheru. Pamene thovu latupa, pamenepo pali bala.

Inadzuka Lamlungu lina masana mu Disembala, anthu atangoweruka ku CCAP. Injini inalira kaye mokhosomola, utsi wa zisa za makoswe uli tolo, kenaka inakhazikika pa liwu lakuya limene linatulutsa amayi m'makhitchini. Kompuresa inang'ung'udza. Kwa kanthawi sipanachitike kanthu. Kenaka kumbuyo kunanyamuka, kutsogolo n'kutsatira, ndendende mmene imadzukira ng'ombe. Ana anakuwa. Achimwene anadina kabatani kaja, galimoto inagwadanso, ndipo anazungulira kukatsegula chitseko cha kumanzere. Mkuluyo anapereka ndodo yake kwa mdzukulu, anapukuta manja pa buluku, nalowa. Sanapite kutali, anangofika pa geti la nyumba yaikulu ya pafamupo, imene tsopano muli mabanja atatu ndi chigayo, n'kutembenuka.

Chimwemwecho chinakhala milungu itatu. Pa 12 Januwale 2019 Pulezidenti Emmerson Mnangagwa analengeza kuti petulo wakwera kufika madola 3.31 pa lita, ndipo m'mizinda munabuka zipolowe. Galimoto imene imamwa lita pa makilomita 5 kapena 6, ya thanki yoposa malita 80, inasanduka chokongoletsa pabwalo. Ngakhale petulo atapezeka anali wosakaniza ndi ethanol wa nzimbe, monga lamulo lakhala likufunira kuyambira 2013, ndipo ankatha msanga. Matayala ake a mainchesi 20, opyapyala m'mbali, anapangidwira misewu ya ku Ulaya. Msewu wa miyala wopita kumunda unadya awiri nyengo imodzi.

Kodi analakwa? Mu Febuluwale 2019 ndalama za m'mabanki zinapatsidwa dzina lakelake, dola ya RTGS, pa mtengo wa 2.5 ku dola imodzi ya America. Pofika kumapeto kwa chaka zinali zitapitirira 16. Zikadakhala ku banki, ndalama za nyengo ziwiri zija zikadatsala zogulira matayala okhawo. Pamenepo Achimwene anaona patali. Koma mapaipi a m'balani amene anapitira ku Concession sanagulidwe, ndipo mwezi womwewo wa Febuluwale paipi yong'aluka inalavula moto usiku, balani imodzi n'kupsa ndi fodya wake yense wa masamba apakati, amene ndiye amalipira ngongole. Mwana wawo wamkazi, amene anali ku koleji ku Bindura, anakhala pakhomo chigawo chathunthu cha chaka. Anabanda sanakumbutse mwamuna wake mawu awo a tsiku lija. Anangoleka kukwera galimotoyo. Lamlungu ankanyamuka m'mawa wapansi, Baibulo lili m'manja, ndipo ikawapeza panjira ankapatuka ndi kuimika dzanja monga achitira munthu ndi galimoto ya mlendo. Zinatenga chaka, ndi balani yatsopano yomangidwa ndi manja a mwamunayo, kuti akhalemo.

Za ulendo wa ku Dedza palibe amene akukumbuka tsiku limene zinayamba kunenedwa. Mkuluyo anali asanapemphepo. Koma galimoto itadzuka anayamba kutchula mayina a mitsinje ndi mapiri pa nthawi ya chakudya, ndiponso kufunsa mtengo wa petulo ku Tete. Chikalata chake choyendera chinatenga miyezi, popeza munthu wobadwira ku Nyasaland, wokalambira ku Zimbabwe, ayenera kupeza mboni zoti iye ndi iyeyo. Chitatuluka, mliri wa Covid-19 unatseka zipata kumapeto kwa Malichi 2020. Ananyamuka mu Seputembala 2022, fodya atagulitsidwa, ali anayi: mkuluyo kutsogolo, Anabanda ndi mdzukulu wa sopo uja kumbuyo, pamodzi ndi zigubu ziwiri za petulo, shuga, mabulangete, ndi njinga yatsopano yomangidwa padenga.

Anadzera ku Mutoko, natuluka pa Nyamapanda, nadutsa Changara dzuwa likuswa mtengo. Pa mlatho wa Zambezi ku Tete mkuluyo anapempha kuti ayende pang'onopang'ono, ngakhale kuti maso ake ankangoona kunyezimira. Atapitirira Moatize anapatukira njira ya ku Angonia. Kumeneko, dziko la Malawi lisanayambe, anaima kuti agule mbatata, ndipo mayi wogulitsa anati, "Takulandirani, agogo, mwayenda bwanji?" Mkuluyo anagwira chitseko. Pa zaka zoposa 60, aka kanali koyamba kumva Chichewa kwa munthu wosamudziwa, pa msewu, masana, mosatsitsa mawu.

Kumudzi anapezako zidzukulu za mlongo wake. Mayi mmodzi yekha, wosaona, ndiye anakumbuka kuti kunali mnyamata amene anapita ndi Mthandizi. Anawalandira bwino, anapha nkhuku, anawaonetsa pamene pagona mayi awo, pansi pa mitengo imene iye sanaidziwe. Achinyamata ankamwetulira akamva Chichewa chake, chowerengera ndalama m'mashereni ndi chosakanikira mawu a Chishona amene iye sankadziwa kuti ndi a Chishona. Ankamutchula kuti agogo a ku Halale. Galimoto inachita zimene magalimoto otere amachita: usiku uliwonse kunkabwera wachibale watsopano ndi nkhani ya fizi, ya feteleza, ya denga, ndipo Achimwene analephera kufotokoza kuti iye ndi mlimi wa munda wobwereka. Ndani akadakhulupirira? Mfumu inanena mwaulemu kuti malo alipo ochepa, ndipo mwa mwambo ndi a ana a akazi. Pa tsiku lachisanu m'mawa mkuluyo anaitana mwana wake.

"Kumudzi ndakuona. Tiye kunyumba. Amako ali okha kumanda kuja, ndipo mbewu za fodya zikufuna madzi."

Pobwerera, atadutsa Changara, kanyale kachikasu kanayaka pa dashibodi, kabelu n'kulira kamodzi. Achimwene anapatukira pansi pa mlambe. Mbali ya kumanzere yakumbuyo inali itayamba kutsika.

"Zimitsa," anatero mkuluyo. "Nonse khalani chete."

Anatsika, nagwira thupi la galimoto ndi dzanja limodzi, n'kuyenda chotsamira mpaka pa tayala lakumbuyo. Anagwada pa fumbi, natchera khutu. Patapita kanthawi anatambasula dzanja chakumbuyo osacheuka.

"Apongozi, sopo uja muli naye?"

Anabanda anali atatsegula kale chikwama.